Magawo a Ntchito mu Bizinesi ya Magalimoto a Hayala: Zoyenera Kudziwa Eni Magalimoto ndi Obwereka pa Chitakale

Pa Chitakale, m'boma la Mulanje, ndi pa mphambano. Msewu wa M2 wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi ku Luchenza umadutsa pamenepa polowera ku chipata cha Muloza, ndipo pomwepo ndi pamene pamapatukira msewu wopita ku Likhubula ndi ku Phalombe. Pa malo otere galimoto ya hayala siisowa woifuna. Mlimi amafuna pikapu yotutira nandolo kumunda, wamalonda amafuna lole yopititsira zinanazi ndi nthochi ku Limbe, banja limafuna galimoto pa maliro kapena pa ukwati, mabungwe amafuna yoyendera m'midzi, ndipo alendo odzakwera phiri amafuna yowafikitsa pa Likhubula. Mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, zomwe zikupereka chiyembekezo chakuti alendo otere azichulukirako.

Komabe si zachilendo kuona galimoto imene idayamba bwino ntchito ya hayala itatsamira pa miyala kuseri kwa nyumba, matayala atachotsedwa, ikudikira chipangizo chimene mwini wake alibe ndalama yogulira. Nthawi zambiri makasitomala analipo ndithu. Chimene chidalakwika n'chakuti mwini wake ankaona bizinesi yonse ngati ntchito imodzi: kupereka kiyi ndi kulandira ndalama. Ndalama zonse zinkalowa m'thumba limodzi, ndipo zonse zoyenera kukumbukira zinali m'mutu mwa munthu mmodzi.

Bizinesi ya hayala, ngakhale ya galimoto imodzi, ndi ntchito zingapo zosiyana zimene zimangokumana pa galimotoyo. Pali gawo la malamulo ndi ziphaso, gawo la chisamaliro cha galimoto, gawo la makasitomala ndi maulendo, gawo la ndalama, ndi gawo la antchito. Kugawa bizinesi motere sikutanthauza kulemba anthu asanu kapena kumanga ofesi. Kukutanthauza kuti gawo lililonse likhale ndi buku lake, funso lake loyenera kuyankhidwa tsiku lililonse, ndi munthu mmodzi wodziwika amene angafunsidwe zikalakwika. Munthu mmodzi akhoza kugwira magawo awiri kapena atatu, malinga asawasakanize.

Asanagawe ntchitozi, mwini galimoto ayenera kudziwa kuti akugulitsa chiyani kwenikweni. Kubwereketsa galimoto pamodzi ndi dalaivala wake n'kosiyana ndi kupereka kiyi kuti wobwerekayo ayendetse yekha, ndipo kunyamula anthu n'kosiyana ndi kunyamula katundu. Kusiyanaku kumakhudza chilolezo chofunika, mtundu wa inshulansi, mtengo, ngakhalenso amene adzayankhe mlandu pa ngozi. Amene amavomera ntchito ya mtundu uliwonse chifukwa chakuti ndalama yaoneka amapezeka akugwira ntchito imene mapepala ake saimulola.

Gawo la malamulo ndi ziphaso ndilo maziko, ngakhale kuti silibweretsa ndalama yooneka. Dzina la bizinesi limalembetsedwa ku ofesi ya Registrar General motsatira lamulo la Business Registration Act la 2012. Chiphaso chochitira malonda chimatengedwa motsatira lamulo la Business Licensing Act la chaka chomwecho, ndipo ofesi yoona za malonda ku khonsolo ya boma la Mulanje ndi pamene Mmalawi wa pa Chitakale angayambire kufunsa. Ku bungwe lotolera misonkho la MRA kumatengedwa nambala ya wokhoma msonkho, imene ambiri amaidziwa kuti TPIN. Popanda nambalayi n'kovuta kupeza ntchito ku makampani a tiyi, ku mabungwe kapena ku maofesi a boma, chifukwa iwo safuna kulipira munthu amene sakudziwika ku msonkho.

Za galimoto yeniyeniyo zili m'manja mwa nthambi ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene imagwira ntchito motsatira lamulo la Road Traffic Act la 1997 ndipo imasunga kaundula wake pa makina a MalTIS. Galimoto iyenera kukhala m'dzina la mwini wake weniweni, kukhala ndi COF yosatha masiku, ndi chilolezo chogwirira ntchito ya malonda pa msewu. Magalimoto onyamula anthu kapena katundu molipiritsa amadziwika ndi manambala ofiira. Dalaivala wa galimoto yotere amafunika laisensi ya gulu loyenera pamodzi ndi chilolezo cha madalaivala a ntchito chotchedwa PrDP. Mapepala onsewa ayenera kutengedwa ku maofesi ovomerezeka, ndi lisiti ya boma. Adobadoba amene amalonjeza COF galimoto isanapimidwe amagulitsa pepala limene lidzamutembenukira mwini galimoto tsiku la ngozi.

Pa inshulansi ndi pamene ambiri amapunthwa. Lamulo limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pa msewu kukhala ndi inshulansi yolipira anthu ena amene yawavulaza kapena kuwaonongera katundu. Inshulansi imeneyi siikonza galimoto ya mwini wakeyo. Yoteteza galimotoyo ndi ina, ndipo ndi yokwera mtengo. Choopsa kwambiri n'chakuti inshulansi yodulidwa ngati ya galimoto yoyendera banja ikhoza kukanidwa pamene kampani yapeza kuti galimotoyo inali pa hayala. Podula inshulansi, mwini galimoto anene poyera ntchito imene galimoto izigwira, afunse ngati munthu wina wobwereka akuloledwa kuyendetsa, ndiponso adziwe ndalama imene iye mwini ayenera kuyamba kulipira pa ngozi kampani isanaonjezere. Makampani a inshulansi amayang'aniridwa ndi banki yaikulu ya Reserve Bank of Malawi, ndipo dandaulo limene kampani yalephera kulithetsa likhoza kupititsidwa kumeneko.

Buku la gawoli ndi losavuta: tsamba limodzi pa galimoto iliyonse, lolembedwa tsiku limene pepala lililonse lidzathe. Funso lake ndi limodzi: kodi galimoto iyi, ndi dalaivala uyu, akuloledwa kuyenda lero?

Gawo lachiwiri, la chisamaliro cha galimoto, limayankha funso lina: kodi galimotoyi ikafika ndi kubwerera? Galimoto ikhoza kukhala ndi mapepala onse koma mabuleki atatha. Misewu ya ku Mulanje imadya galimoto mosiyana. Phula la pa Midima si lofanana ndi timisewu ta m'minda ya alimi a tiyi kapena ta kuseri kwa phiri, kumene nthawi ya mvula matope amafika m'maekiselo. Namondwe wa Freddy, mu Malichi 2023, adaononga misewu ndi milatho yambiri ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo adakumbutsa eni magalimoto kuti njira imene inali yabwino chaka chatha siyenera kungoganiziridwa kuti ili bwino chaka chino. Woyang'anira gawoli ayenera kukhala ndi mphamvu yokana ulendo. Akanena kuti galimoto yaing'ono siingafike kumene kasitomala akufuna, kapena kuti matumba amene akukwezedwa apitirira mlingo wolembedwa pa galimotoyo, mawu ake amveke ngakhale kasitomala ataonjezera ndalama.

Buku la galimoto limatsata makilomita, osati masiku. Mumalembedwa pamene oyilo adasinthidwa, pamene matayala adagulidwa, zimene makaniko adakonza ndi zipangizo zimene adaika. M'mawa uliwonse madzi, oyilo, mabuleki, magetsi, mpweya wa matayala, jeke ndi tayala lapadera ziyenera kuonedwa, ntchito yosatenga mphindi 15. Kukhala ndi makaniko mmodzi wodziwa mbiri ya galimoto kumathandiza kuposa kuthamangira kwa wotchipa aliyense. Ndipo tsiku la sevisi lilembedwe ngati tsiku limene galimoto yatengedwa kale, kuti wolandira maulendo asalipereke kwa kasitomala.

Gawo la makasitomala ndi maulendo ndi limene anthu amaliona, ndipo mikangano yambiri imabadwira pomwepa. Galimoto imodzi kulonjezedwa kwa anthu awiri tsiku limodzi, mmodzi kudzera kwa mwini wake ndipo wina kudzera kwa dalaivala, ndi vuto lodziwika, makamaka Loweruka m'miyezi ya maukwati. Mankhwala ake ndi buku limodzi la maulendo, losungidwa ndi munthu mmodzi, ngakhale uthenga utabwera pa foni, pa WhatsApp kapena pakamwa. Ulendo umene sudalembedwe m'bukumo kulibe.

Mgwirizano ulembedwe, m'Chichewa ngati ndicho chiyankhulo chimene onse awiri akumva. Utchule kumene galimoto ikupita, nthawi yonyamuka ndi yobwerera, chonyamulidwa ndi kuchuluka kwake, mtengo, amene agule mafuta, ndalama yodikirira ngati katundu wachedwa kutsitsidwa, ndi chimene chichitike galimoto ikafera panjira. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kwa mlimi. Nandolo akhoza kudikira tsiku limodzi, koma tomato ndi nthochi zakupsa sizidikira, choncho wobwereka adziwiretu ngati mwini galimoto adzapeza ina kapena adzabweza ndalama. Pa ulendo wautali wa msewu wa M1, malipiro a pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke atchulidwenso kuti ndi a yani.

Pamene wobwereka ayendetsa yekha, pamafunika zambiri. Laisensi yake ndi chitupa cha unzika zionedwe zenizenizo, osati chithunzi cha pa foni. Onse awiri azungulire galimoto, alembe paliponse pamene pali kale chilema, ajambule zithunzi, alembe makilomita ndi mlingo wa mafuta, kenako asaine. Pobweza achitenso chimodzimodzi, kukadali kowala. Chikole chilembedwe pa lisiti, pamodzi ndi zifukwa zimene chingadulidwire. Zimene kasitomala wapereka zokhudza iye mwini zisungidwe mwachinsinsi, pakuti lamulo la Data Protection Act la 2024 limateteza uthenga wotere.

Kuyandikana ndi Muloza, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30, kumabweretsa nkhani ina. Wobwereka akhoza kufuna kuolokera ku Milange m'dziko la Mozambique. Galimoto siyenera kutuluka m'dziko popanda kalata ya chilolezo ya mwini wake ndi mapepala a kasitomu, ndipo inshulansi ya ku Malawi siingoganiziridwa kuti igwira ntchito kutsidyako. Dziko la Mozambique silili m'bungwe la COMESA, choncho khadi yachikasu ya inshulansi imene imathandiza popita ku Zambia kapena ku Zimbabwe siithandiza kumeneko. Mgwirizano unene momveka ngati galimoto ikuloledwa kuoloka malire kapena ayi.

Gawo la ndalama ndi limene limapha mabizinesi ambiri a hayala, ndipo limapha mwakachetechete. Cholakwika chofala ndi kuwerengera phindu pochotsa mtengo wa mafuta pa ndalama imene kasitomala walipira. Zotsalazo si phindu. Mbali ina ya ndalamayo ndi ya matayala amene atha pang'ono pa ulendowo, ina ndi ya oyilo, ina ndi ya inshulansi ya chaka chamawa, ndipo ina ndi ya galimoto yodzalowa m'malo mwa imeneyi ikadzakalamba.

Chitsanzo chongoyerekeza chikhoza kuthandiza. Pikapu yayenda makilomita 120, kupita ndi kubwerera. Ngati imayenda makilomita 10 pa lita imodzi, yamwa malita 12, ndipo amenewa ndi osavuta kuwerengera chifukwa bungwe la MERA limalengeza mitengo ya mafuta. Ngati oyilo amasinthidwa pa makilomita 5,000 aliwonse, maulendo 42 otere akwanira kufikitsa galimoto ku sevisi, choncho ulendo uliwonse usiye gawo limodzi mwa magawo 42 a mtengo wa sevisiyo. Ngati matayala amatha atayenda makilomita 30,000, ndiye kuti atha pa maulendo 250, ndipo ulendo uliwonse uli ndi ngongole yake kwa matayalawo. Mwini galimoto aike manambala a galimoto yake m'malo mwa awa, pakuti lole yodzaza pa msewu wafumbi siidya ngati pikapu pa phula.

Palinso zolipira zimene sizisamala kuti galimoto yayenda kapena ayi: inshulansi, COF, chiphaso cha bizinesi, malipiro a dalaivala ndi a mlonda, ndi ngongole ya ku banki ngati ilipo. Zimenezi zisagawidwe pa masiku 365, koma pa masiku amene galimoto imagwiradi ntchito. Galimoto yopeza hayala masiku 15 pa mwezi imagwira masiku 180 okha pa chaka, ndipo masiku amenewa ndiwo ayenera kusenza mtolo wa chaka chonse. Ku Mulanje ntchito imabwera ndi nyengo. Miyezi yokolola nandolo ndi miyezi yopanda mvula imene alendo amakwera phiri, kuphatikizapo Julaye pamene pa Likhubula pamachitika mpikisano wothamanga wa onyamula katundu wa alendo, imabweretsa ndalama imene iyenera kudyetsanso miyezi ya njala pamene alimi alibe chogulitsa. Ulendo wobwerera wopanda katundu uwerengedwenso. Mlimi akadabwa kuti mtengo wopita ku Limbe wakwera chonchi, nthawi zambiri ndi chifukwa chakuti akulipirira njira zonse ziwiri, ndipo alimi angapo akasonkhana pa galimoto imodzi, kapena akapeza wamalonda wa katundu wobwerera naye, mtengo umapepuka kwa aliyense.

Ndalama yodzagulira galimoto ina ndiyo imaiwalika koposa. Magalimoto ndi zipangizo zake zimachokera kunja, choncho mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene ankasunga molingana ndi mtengo umene adagulira galimoto adapeza kuti zimene asunga sizingagule ina yofanana nayo. Choyenera ndi kusunga moyang'ana mtengo wa lero wa galimoto yotero, ndi kuunikanso mitengo ya hayala nthawi iliyonse mafuta kapena zipangizo zikakwera.

Ndalama za bizinesi zikhale ndi malo akeake, kaya ku banki kaya pa nambala yapadera ya Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo mwini bizinesi adzilipire malipiro odziwika m'malo motapa nthawi iliyonse pakhomo pakasowa ndiwo. Apa mpovuta, chifukwa pa mudzi galimoto ya munthu imaoneka ngati ya onse, ndipo pa maliro a mbale palibe amene angatulutse lisiti. Kuthandiza si kulakwa. Koma ulendo waulerewo ulembedwe ndithu, ndi makilomita ake, kuti pakutha pa chaka mwini galimoto adziwe kuti wapereka zochuluka bwanji. Ngongole nazo zikhale ndi tsamba lake. Mabungwe ndi makampani kawirikawiri amalipira patapita masabata, ndipo amadula msonkho pa malipirowo. Kalata yotsimikiza msonkho wodulidwawo itengedwe ndi kusungidwa, chifukwa imachepetsa zimene mwini bizinesi adzalipire ku MRA.

Za antchito zikhoza kunenedwa mwachidule, ngakhale kuti dalaivala ndiye amanyamula chuma chonse cha bizinesi akangotuluka pa geti. Lamulo la Employment Act la 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a ntchito ya masiku onse, ndipo malipiro asatsike pansi pa mlingo umene boma lalengeza. Kwa olemba ntchito amene lamulo la Pension Act la 2023 likuwakhudza, bwana amapereka 10 peresenti ndipo wantchito 5 peresenti. Dalaivala wolipidwa mochedwa, kapena wotumizidwa ulendo wa usiku wopanda ndalama ya chakudya ndi malo ogona, amayamba matola panjira kapena kugulitsa mafuta. Matolawo ndi amene amachititsa kuti pa ngozi papezeke anthu amene inshulansi siikuwadziwa. Amene wangobwera ku Lilongwe usiku asapatsidwe ulendo wina m'mamawa.

Ubwino wa kugawa ntchito motere umaonekera pamene magawowa akumana. Wolandira maulendo asalonjeze galimoto asanafunse wa chisamaliro ndi wa mapepala. Makilomita olembedwa m'buku la maulendo afanane ndi amene akuoneka pa galimoto, ndipo mafuta ogulidwa agwirizane ndi makilomitawo. Zikasiyana kwambiri, pali ulendo umene sudalembedwe kapena injini ikudwala, ndipo zonse ziwiri n'zofunika kudziwidwa msanga. Wolandira ndalama asakhale yemweyo wowerengera mabuku, ngakhale atakhala mwana kapena mlamu. M'banja la galimoto imodzi, bambo akhoza kuyang'anira galimoto ndi mapepala, mayi n'kusunga buku la maulendo ndi ndalama, ndipo Lamlungu madzulo n'kuyerekeza mabuku awo.

Tsiku la ngozi ndi pamene magawo onse amayesedwa nthawi imodzi. Dalaivala ayenera kudziwiratu zochita: kuima, kuthandiza ovulala kuti afike kuchipatala, kudziwitsa apolisi, kenako mwini galimoto. Kampani ya inshulansi idziwitsidwe mwamsanga, ndipo idzafuna lipoti la apolisi, laisensi ya woyendetsa ndi mapepala a galimoto. Kugwirizana pamseri kuti nkhani ithere pa msewu kumaoneka kotchipa, koma wovulala akadzadwala pambuyo pake mwini galimoto amatsala yekha.

Mlimi kapena wamalonda wofuna hayala akhoza kugwiritsa ntchito magawo omwewa posankha galimoto. Ayang'ane pa galasi lakutsogolo ngati COF ndi inshulansi zili ndi masiku, aone matayala ndi maso ake, afunse ngati dalaivala ali ndi laisensi yoyenera, agwirizane mtengo wonse katundu asanakwezedwe, awerenge matumba pamodzi ndi dalaivala ponyamuka ndi pofika, ndipo alandire lisiti pa ndalama iliyonse, ya chikole yomwe. Adziwenso kuti inshulansi ya galimoto kawirikawiri siilipira katundu amene wanyamulidwa, pokhapokha mwini galimoto atadula ina ya katundu wa paulendo. Amene akuona kuti wachitiridwa zachinyengo pa mtengo kapena pa mgwirizano akhoza kukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, atatenga lisiti ndi pepala la mgwirizano. Nkhani za galimoto yosayenera kuyenda pa msewu kapena dalaivala wopanda ziphaso zikanenedwe kwa apolisi a pamsewu ku Mulanje.